Tisiye Kuphunzitsa Ana Kuti Ubongo Sutengapo Mbali Dzanja Likathawa Moto

Nyengo ya mayeso a MSCE ikamayandikira, pali funso lina la Biology limene limagawanitsa aphunzitsi ndi ophunzira kuno ku Mangochi, ndipo mtsutso wake sukuthera m'kalasi mokha, chifukwa makolo ndi achinyamata amene anamaliza sukulu kalekale nawonso amaulowerera. Funsolo ndi ili: munthu akagunda mbaula yotentha n'kuchotsa dzanja asanaganize n'komwe, kodi ubongo wake watengapo mbali? Ambiri akuti ayi. Iwo akuti zochita zadzidzidzi zoterezi, zimene m'kalasi zimatchedwa reflex action, zimayambira pakhungu, zimakhotera mu mtsempha wa mumsana n'kubwerera ku minofu, ndipo ubongo umangouzidwa zonse zitatha kale. Ine ndaima mbali inayo. Chiganizo chakuti ubongo sutengapo mbali n'cholakwika, ndipo tiyenera kusiya kuwapatsa ana athu. Chimene sichidikiridwa pa nthawi yotereyi ndi kuganiza kwathu ndi kusankha kwathu, osati ubongo wonse. Ubongo ndiwo umayendetsa zambiri mwa zochita zimenezi, umakhwimitsa kapena kufewetsa zotsalazo, ndipo ukavulala zonse zimasokonekera. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa papepala, koma kumafika mpaka pa mmene timasamalira wodwala wokomoka, mmene timaweruzira mwana wokodza pogona, ndiponso mmene wakabaza amadziikira kumbuyo akamwa mowa.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi yamphamvu, ndipo ndiyenera kuifotokoza mwachilungamo. Iwo akuti cholinga chenicheni cha zochita zimenezi ndi liwiro. Dokotala akamenya pang'ono ndi kahamala ka labala m'munsi mwa bondo, mwendo umatakasuka pasanathe n'komwe magawo 5 mwa magawo 100 a sekondi imodzi, pamene munthu amene wauzidwa kuti adinde batani akangoona nyali itayaka amatenga pafupifupi kota ya sekondi. Kusiyana kumeneku kumabwera chifukwa chakuti uthenga wa pabondo umayenda ulendo waufupi kwambiri: mnyewa umodzi umautengera ku mtsempha wa mumsana, ndipo pomwepo umaupatsira mnyewa wina umene umabwerera ku minofu ya ntchafu. Madokotala awiri a ku Germany, Wilhelm Erb ndi Carl Westphal, anafotokoza kutakasuka kwa mwendo kumeneku mu 1875. N'chimodzimodzinso ndi dzanja lothawa moto kapena phazi loponda munga: chiwalocho chimayamba kuchoka munthu asanamve ululu wonse. Zonsezi ndikuvomereza popanda kuchotsapo kanthu. Chimene ndikukana ndi kudumpha kuchoka pa mfundo yoona yakuti uthenga wa pabondo sudikira chilolezo cha ubongo, n'kukafika pa mfundo ina yakuti ubongo ulibe nazo ntchito zochita zonse za mtundu umenewu.

Yankho loyamba ndi lakuti bondo ndi dzanja si thupi lonse. Minyewa imene imatuluka mu mtsempha wa mumsana ilipo mapeyala 31, koma palinso mapeyala 12 amene amatuluka mu ubongo mwenimweni, ndipo ambiri mwa iwo amachokera ku tsinde la ubongo, gawo limene lili m'munsi, chakunkhongo, pamene ubongo umalumikizana ndi msana. Kamchenga kakalowa m'diso mphepo ya mwera ikamaomba kunyanja, kuphethira kumene kumatsatirapo kumayendetsedwa ndi tsinde la ubongo. Kamwana ka diso kakamachepa munthu akatuluka m'nyumba n'kukumana ndi dzuwa la mwezi wa Okutobala, ndi tsinde lomwelo limene lalamula. Kutsokomola pamene munga wa chambo wakola pakhosi, kuyetsemula, kumeza, kusanza, ngakhalenso kusintha kwa kagundidwe ka mtima munthu akadzuka mofulumira pamkeka kuti magazi asachepe kumutu, zonsezi zimakhotera mu ubongo, osati mumsana. Palinso china chimene sitichizindikira n'komwe chifukwa chimagwira ntchito mosalekeza: msodzi akakhala m'bwato logwedezeka ndi mafunde, maso ake amatha kuyang'anitsitsa nyali ya kutali osaitaya, chifukwa ziwalo za mkati mwa khutu zimamva kugwedezeka kwa mutu, ndipo tsinde la ubongo limatembenuza maso molingana ndi kugwedezekako mofulumira kuposa mmene bondo limachitira. Motero wophunzira amene waloweza kuti ubongo sutengapo mbali wataya kale zochita zimene zimamusunga ndi moyo usiku uliwonse iye ali m'tulo.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi imene imakopa anthu ambiri, chifukwa aliyense anaionapo ndi maso ake. Nkhuku ikachinjidwa, akutero iwo, imaphiriphitha, imakupiza mapiko, mwinanso kuthamanga ndithu, ngakhale mutu utachoka. Kodi pamenepa ubongo uli kuti? Umboni umenewu si wa pakhomo pokha ayi. Akatswiri akale ku Ulaya ankachitanso zomwezo ndi achule odulidwa mitu, n'kuona kuti chule wotere akatsinidwa amakokabe mwendo, koma mtsempha wake wa mumsana ukawonongedwa amasiyiratu. Dokotala wa ku England, Marshall Hall, analemba za zimenezi mu 1833, ndipo maphunziro a m'kalasi amene tili nawo lero anachokera m'kafukufuku wotereyu. Komabe tifunse bwinobwino chimene nkhukuyo ikutiphunzitsa. Ikutiuza kuti mumsana muli njira zokonzedweratu zimene zingathe kusuntha miyendo ndi mapiko popanda mutu. Siikutiuza kuti nkhuku yamoyo imayenda chomwecho. Nkhuku yochinjidwa siizemba mtengo, siithawira kukhola, siisiya kukupiza mapiko pamene payenera kusiyidwa. Imangogwa uku ndi uku kwa kanthawi, kenaka n'kuzizira. Chisokonezo chimenechi ndicho chithunzi cha msana umene wasowa wouwongolera. Ndipo nkhani yodziwika ya tambala wa ku Colorado, m'dziko la America, amene anadulidwa mutu mu 1945 koma n'kukhalabe ndi moyo miyezi 18, ikutsimikizira zomwezi, chifukwa nkhwangwa inaphonya tsinde la ubongo, ndipo tsinde lotsalalo ndilo linkayendetsa kupuma ndi kumeza pamene mwini wake ankamudonthezera chakudya kukhosi.

Kwa anthu, umboni wake ndi womvetsa chisoni koma womveka bwino. Munthu akathyoka msana pangozi ya pamsewu n'kuduka mtsempha wa mumsana, tikanayembekezera kuti zochita zadzidzidzi za kumiyendo zipitirirabe monga kale ngati ubongo ulibe nazo ntchito, popeza njira yake yaifupi ili m'munsi mwa balalo ndipo siinawonongeke. Zimene zimachitika ndi zosiyana. Poyamba miyendo imangoti lobodo, ndipo ngakhale dokotala amenye pabondo palibe chimene chimayankha, kwa masiku kapena masabata. Pambuyo pake mayankho aja amabwerera, koma amabwerera mopyola muyeso: mwendo umauma, umanjenjemera wokha, ndipo kungoukhudza ndi chofunda kungathe kuupinda mwamphamvu. Wodwala sitiroko nayenso amaonetsa zofananazo kumbali imene yafa, mkono utapindikira pachifuwa, zala zitafumbata. Mwa odwala onsewa njira ya mumsana ilipo, koma uthenga wochokera kumwamba wasowa. Charles Sherrington, amene anapata mphoto ya Nobel mu 1932 chifukwa cha kafukufuku wake pa minyewa, anaonetsa kuti ntchito yaikulu ya minyewa si kuyambitsa zochita kokha komanso kuziletsa, ndipo kuletsa kochuluka kumatsika kuchokera ku ubongo tsiku lonse, ife osadziwa.

Kuti tione kuletsa kumeneku sitifunika kupita kuchipatala. Mayi amene akuphula sefuliya ya phala la mwana pamoto, nsalu yogwirira itatsetsereka, amapirira kutenthako mpaka atafika poika, pamene akanagunda sefuliya yomweyo mosayembekezera dzanja likanathawa nthawi yomweyo. Amayi okazinga usipa m'chiwaya m'mphepete mwa nyanja amagwira ntchito pafupi ndi mafuta othetheka osadzidzimuka ndi kadontho kalikonse, ndipo agogo amatola khala lamoto ndi zala n'kuliponya pa mbaula ina. Wina anganene kuti manja awo anachita zikanga, ndipo zimenezo zimathandizadi, koma zikanga sizifotokoza chifukwa chimene dzanja lomwelo limathawira likapsa modzidzimutsa. Chimene chasintha ndi chakuti ubongo unadziwiratu zimene zikubwera, unayeza mtengo wa kutaya phala la mwana, ndipo unatumiziratu uthenga kumsana wakuti usafulumire kukoka dzanja. Zili ngati anthu opalasa bwato: funde likamenya, wopalasa wa kutsogolo amawongola nkhafi yake osadikira mawu, koma amachita zimenezo motsatira zimene wowongolera wa kumbuyo anamuuza asananyamuke, ndipo wowongolerayo angathe kumuletsa nthawi iliyonse. Palibe amene anganene kuti wowongolera sakutengapo mbali paulendowo chifukwa chakuti sanalankhule pa funde limodzi.

Mwana wakhanda amatipatsa umboni wina, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imayamba kukhudza chilungamo m'nyumba zathu. Khanda limabadwa ndi zochita zingapo zimene silinaphunzire: limafumbata chala chimene chaikidwa m'manja mwake, limatembenukira kumene tsaya lake lakhudzidwa pofuna bere, ndipo likamva ngati likugwa limatambasula manja mwadzidzidzi. Pofika miyezi 6 zambiri mwa izi zimakhala zitazilala. Sikuti njira zake zafufutika, koma ubongo wakula n'kuyamba kuzipondereza. Dokotala wa ku Paris, Joseph Babinski, anafotokoza mu 1896 chizindikiro chimene achipatala amachigwiritsabe ntchito: munthu wamkulu wathanzi akakandidwa pansi pa phazi zala zake zimapindikira pansi, koma kwa khanda, ndiponso kwa wamkulu amene njira yochokera ku ubongo kupita kumsana yawonongeka, chala chachikulu chimadzuka kuloza m'mwamba. Phazi limaulula zimene zachitika m'mutu. Kukodza nakonso kumatsata dongosolo lomweli. Chikhodzodzo cha khanda chikadzaza chimadzitsegula chokha, ndipo pamatenga zaka kuti ubongo uphunzire kuchigwira, choyamba masana, kenaka usiku munthu ali m'tulo. Ana ena ubongo wawo umachedwerapo pa ntchito imeneyi, ndipo kuno kunyanja enanso chikhodzodzo chawo chimavutitsidwa ndi likodzo. Kholo limene limamvetsa zimenezi silingamenye mwana wokodza pogona kapena kumuchititsa manyazi pamaso pa anzake, koma limamutengera kuchipatala kuti akayezedwe mkodzo.

Mfundo yachitatu ya otsutsa imachokera kwa aphunzitsi amene ndimawalemekeza, chifukwa amadziwa ntchito yawo ndi mavuto ake. Iwo akuti silabasi ndi yaitali, makalasi ndi odzaza, mabuku ndi ochepa, ndipo wophunzira wa Fomu 4 amangofunika kujambula njira ya uthenga kuchoka pakhungu kupita kumsana n'kubwerera, kuti akakhoze mayeso. Zina zonsezi, akutero, akaziphunzira amene adzapite kusukulu ya udokotala kapena ya unamwino. Ndikuvomereza kuti kuphunzitsa kumafuna kufupikitsa, ndipo palibe amene akupempha kuti mwana wa sekondale aloweze mayina a zigawo zonse za ubongo. Koma kufupikitsa ndi kunama ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chiganizo choona chilipo ndipo n'chachifupi mofanana ndi chabodzacho: zochita zimenezi sizidikira kuti munthu aganize, zina zimakhotera mumsana, zina mu tsinde la ubongo, ndipo zonse ubongo umaziyang'anira. Wophunzira amene wamva zimenezi adzajambulabe chithunzi chake molondola pamayeso, ndipo sadzataya malikisi ngakhale amodzi. Kuwonjezera apo, mfundo yakuti zotsalazo akaziphunzira kutsogolo ikuiwala kuti ambiri mwa ana amenewa phunziro la Biology la Fomu 4 ndilo lomaliza pa moyo wawo wonse. Iwo ndi amene mawa adzakhale makolo, asodzi, ogulitsa pamsika ndi oyendetsa njinga zamoto, ndipo ndi amene adzakhale oyamba kufika pamene munthu wagwa, dokotala asanamuone.

Apa ndiyenera kukhalitsapo pang'ono, chifukwa chitsanzo chabwino koposa cha kusiyana kumene ndikunenaku chinabadwira m'dziko lathu lomwe lino. Ku chipatala cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre, madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor pamodzi ndi anzawo anakonza njira yoyezera kukula kwa kukomoka kwa ana odwala malungo a mu ubongo, ana aang'ono amene sangathe kuyankha mafunso. Njirayi, imene inasindikizidwa mu 1989 ndipo imadziwika padziko lonse ndi dzina lakuti Blantyre Coma Scale, imapereka mapointi kuyambira pa 0 mpaka 5 poyang'ana zinthu zitatu: mmene maso a mwana akutsatira nkhope ya mayi ake kapena chinthu choyenda, mmene akulirira, ndi mmene akusunthira akamva ululu. Pa gawo lachitatuli ndi pamene pali phunziro lathu. Mwana akatsinidwa pachikhadabo n'kungokoka mkono, amapatsidwa pointi imodzi yokha. Koma akapanikizidwa pachifuwa n'kutambasula dzanja kukafika pamalo powawapo kuti achotse chomupwetekacho, amapatsidwa mapointi awiri. Chifukwa chake n'chakuti kungokoka mkono kungathe kuchitika ngakhale mbali za kumwamba za ubongo zitazimirira, pamene kupeza malo enieni powawa kumafuna ubongo wogalamuka. Madokotalawa anamanga muyeso wawo pa malire enieni a pakati pa zimene thupi limachita lokha ndi zimene ubongo umawonjezerapo. Pambuyo pake, kafukufuku wa pachipatala chomwecho amene anatuluka mu 2015, wogwiritsa ntchito makina ojambula mkati mwa mutu a MRI, anaonetsa kuti ana ambiri amene amamwalira ndi malungo otere ubongo wawo umakhala utatupa kwambiri, ndipo kutupako kumapanikiza tsinde la ubongo mpaka kupuma kumaima. Ife a ku Mangochi, kumene udzudzu wa m'mbali mwa nyanja ya Malawi, nyanja ya Malombe ndi mtsinje wa Shire sutipatsa mpata, sitingaone nkhani imeneyi ngati ya m'mabuku. Mayi amene akuona mwana wake wokomoka akukoka mwendo akatsinidwa angadzilimbitse mtima kuti mwanayo akumvabe, ndiye kuti adikire kuche. Akanadziwa kuti kukoka mwendo kokha si umboni wakuti ubongo uli bwino, akanathamangira kuchipatala usiku womwewo, kaya ndi ku Makanjira, ku Namwera kapena ku Monkey Bay.

Kuchokera pamenepa pakutuluka vuto lina limene limachitika m'nyumba zambiri chifukwa cha chikondi. Munthu akakomoka, achibale amafulumira kumuthira madzi, phala kapena mankhwala m'kamwa, poganiza kuti kumeza kumachitika kokha ndipo khosi limadziwa ntchito yake. N'zoona kuti kumeza kumachitika kokha, koma kumachitika kokha pamene tsinde la ubongo likugwira ntchito bwino. Ubongo ukafooka chifukwa cha malungo, sitiroko, khunyu, kuvulala m'mutu kapena mowa wambiri, chitseko chimene chimatseka njira ya mpweya pomeza chimachedwa, ndipo kutsokomola kumene kukanatulutsa cholowa molakwikacho kumazilala. Phala lija limatsikira m'mapapo mwakachetechete, ndipo patapita masiku ochepa wodwala amadwala chibayo chimene achibale sachigwirizanitsa n'komwe ndi chakudya chimene anamupatsa. N'chifukwa chake achipatala amalangiza kuti munthu wokomoka agonekedwe cham'mbali, asapatsidwe kanthu kalikonse pakamwa, ndipo wakhunyu asalowetsedwe supuni kapena chala m'kamwa pamene wagwa. Woledzera amene wagona chagada n'kusanza ali pangozi yomweyo. Wakhunyu akagwera pamoto sachotsa dzanja kapena mwendo monga akanachitira ali bwino, ndipo ichi ndi chifukwa chimodzi chimene zilonda zamoto za anthu oterewa zimakhalira zakuya kwambiri. Malangizo onsewa amamveka ngati malamulo ongoloweza kwa munthu amene anaphunzitsidwa kuti ubongo ulibe nazo ntchito, koma kwa amene anamva zoona amakhala odziwikiratu.

Pali gulu lachinayi limene silitsutsa pogwiritsa ntchito mabuku, koma maganizo ake amachokera muzu womwewo. Pamasiteji a kabaza kufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi kapena pamsewu wopita ku Liwonde, si zachilendo kumva woyendetsa njinga yamoto akunena kuti iye wayendetsa zaka zambiri moti manja ndi miyendo zimadziwa zokha, ndipo botolo limodzi kapena awiri sizingasinthe kanthu chifukwa mowa umapita kumutu pamene mabuleki amagwidwa ndi thupi. Gawo loyamba la mawu akewa lili ndi choonadi: luso lobwerezedwa kambirimbiri limafika poti munthu amalichita osaliganizira. Koma luso lophunzira silikhala mumsana monga kutakasuka kwa bondo. Palibe khanda limene limabadwa likudziwa kugwira mabuleki. Luso lotere limasungidwa mu ubongo, makamaka m'zigawo zimene zimayang'anira kayendedwe ka thupi ndi zizolowezi, ndipo chimodzi mwa zigawozo, chimene chili kuseri kwa mutu, ndi chimene mowa umachifooketsa msanga, n'chifukwa chake woledzera amadzandira. Mbuzi kapena mwana wasukulu akadumphira pamsewu, maso ayenera kuona, ubongo uyenera kuzindikira kuti ndi ngozi, kenaka usankhe pakati pa kuima ndi kukhota, ndipo sitepe iliyonse imadya nthawi. Njinga yoyenda pa liwiro la makilomita 50 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 14 pa sekondi iliyonse, kotero kuti kuchedwa ndi theka la sekondi kokha kumawonjezera mamita 7 buleki isanagwire n'komwe. Mamita 7 amenewo ndi okwanira kusiyanitsa kudzidzimuka chabe ndi maliro. Tulo tosakwanira timachitanso chimodzimodzi kwa woyendetsa minibasi amene wagwira ntchito usiku wonse, ndiponso kwa msodzi wobwera ku chilimira m'mamawa n'kukwera njinga yamoto kupita kumsika. Ndipo amene wamvetsa kuti kupuma kwake, kumeza kwake ndi luso lake lonse zili mkati mwa chigaza, chipewa choteteza mutu sachiona ngati chinthu chovalira apolisi apamsewu.

Kuti ubongo umatha kulumikiza zimene waphunzira ndi zochita zobadwa nazo, Ivan Pavlov wa ku Russia anaonetsa kalekale ndi agalu amene ankatuluka malovu akangomva chizindikiro chimene anachizolowera kuti chimabwera ndi chakudya. Aliyense wa ife angadziyese yekha pongoganizira bwemba kapena mango osapsa othira mchere: m'kamwa mumadzaza malovu ngakhale palibe chimene chakhudza lilime.

Wina angandifunse kuti, ngati ubongo uli paliponse chonchi, kodi sindikufafaniza kusiyana konse pakati pa zochita zadzidzidzi ndi zochita mwadala? Ayi, kusiyanako kulipo ndipo n'kofunika. Munthu sangathe kulamula kamwana ka diso lake kuti kasachepe pa kuwala, ndipo sangathe kudziletsa kupuma mpaka kalekale ngakhale atalimba mtima chotani, chifukwa mpweya woipa ukachuluka m'magazi tsinde la ubongo limamukakamiza kupuma, zimene anyamata osambira pansi pa madzi ku Cape Maclear amazidziwa bwino. Malire enieni ali pakati pa zimene zimadikira chisankho cha munthu ndi zimene sizidikira, osati pakati pa ubongo ndi msana. Mphunzitsi amene ayika malire pamalo oyenerawa sataya chilichonse mwa zimene ankaphunzitsa kale.

Chotsalira ndi funso lakuti zimenezi zingaphunzitsidwe bwanji pasukulu yoyendera ya kumudzi imene ilibe labotale, ndipo apa mwayi ndi wakuti zida zake wophunzira aliyense amabwera nazo m'kalasi. Tochi ya pafoni ndi yokwanira kuonetsa kamwana ka diso kakuchepa, ndipo ophunzira akaunika diso limodzi lokha adzaona kuti linalo nalonso lachepa, zimene sizingachitike popanda malo ena mkati mwa mutu olumikiza maso awiriwo. Pa za bondo, wophunzira akhale pa desiki miyendo ili lendelende, mnzake amenye pang'ono m'munsi mwa bondo ndi m'mbali mwa dzanja, ndipo onse aone kutalika kwa mmene mwendo watakasukira. Kenaka wokhalayo akolowanitse zala za manja ake awiri pachifuwa n'kumakoka mwamphamvu, mnzake amenyenso pamalo pomwe paja, ndipo kwa ambiri mwendo udzatakasuka kwambiri kuposa poyamba. Njira imeneyi anaifotokoza dokotala wa ku Hungary, Ernő Jendrassik, m'zaka za m'ma 1880, ndipo achipatala amaigwiritsabe ntchito bondo la wodwala likamayankha mofooka. Palibe chimene chasintha pabondo kapena pa ntchafu; chasintha ndi uthenga wotsika kuchokera kumwamba. Zoyesa ziwirizi zingathe kuchitika m'mphindi 10 za phunziro limodzi, ndipo mphunzitsi akamaliza angawonjezere mphindi zina zochepa kuonetsa ophunzira mmene munthu wokomoka amagonekedwera cham'mbali, mutu utapendekera pansi pang'ono kuti masanzi atuluke.